Tsiku limene belu loweruka linalira teni koloko

Ndine ndinapotoza wotchi ya a Gelevazio. Ndayambira pamenepa chifukwa pali anyamata ena ayamba kudzitama kuti tinali limodzi. Bodza. Ndinali ndekha, ndi zala zangazi, Lachitatu m'mawa, eni ake ali m'tulo pansi pa m'bawa. Sukulu yonse inaweruka teni koloko, aphunzitsi awiri ananyamula zikwama zawo, mayeso a Masamu anafera pabolodi. Palibe anachitapo zotero pasukulu yathu, ndipo sindikuona amene adzachitenso.

Sabata ino a Gelevazio akwanitsa chaka ali m'manda. Lamulungu anawatchula pa Misa, ndipo amayi ena anatembenuka kundiyang'ana ngati dzenjelo ndinakumba ndine. Ndiye ndati ndilembe za iwo. Za wotchiyo sindipepesa, ndipo mukafika kumapeto mwina mudziwa chifukwa chake.

A Gelevazio Tembo anali woliza belu pasekondale yathu yoyendera, kufupi ndi boda ya Mchinji. Pamapepala anali mlonda wa masana, koma panalibe chimene wakuba akanafuna kupatula choko. Belulo si belu lenileni. Ndi limu la lole lomwe analitola m'mbali mwa msewu wa ku Chipata, n'kulikunkhuniza mpaka kusukulu, n'kulimangirira ku nthambi ya m'bawa ndi waya. Ankalimenya ndi chibawuti chachitali chomwe chinkakhala m'thumba la jekete lawo, moti jeketelo linapendekera mbali imodzi mpaka kalekale. Ngakhale kutchalitchi ankaoneka ngati munthu amene akufuna kukhota kumanja. Katatu kunali kulowa m'kalasi, kawiri kusintha phunziro. Belu loweruka ankaliliza mosalekeza ngati ng'oma, ngakhale iwo eni ankati belu limenelo silifuna mphamvu, poti ndi ogontha omwe amalimva.

Pansi pa m'bawapo panali mpando wawo, wa m'kalasi, wothyoka mwendo, womwe anaumanga ndi malegeni. Apo ndi pamene ankakhala, maso ku kanjira kochokera kumidzi. Akaona mwana wochedwa akuthamanga, chibawuti chinkasowa. Ankapisa thumba ili, kupisa lina, kuyang'ana pansi pa mpando, mpaka mwanayo atalowa pageti, kenaka chibawuti n'kupezeka m'thumba lomwe lija. Koma ukamabwera ukudzikoka, manja m'thumba, ankamenya limu akukuyang'ana m'maso. Ankati wothamanga wapepesa kale ndi miyendo.

Wotchi yawo inali yachitsulo, yopukusa ndi zala, imene anapatsidwa ndi kapitawo wina ku esiteti ya fodya ali mnyamata. Pa wotchi imeneyi ndi pamene ankakanganira ndi ahedi athu, mayi wa ku Thyolo wosaseka wamba. Ahedi ankatuluka mu ofesi foni ili m'manja kuwauza kuti belu lachedwa mphindi ziwiri. A Gelevazio ankavula chipewa mwaulemu wonse, n'kuwakumbutsa kuti foni kuno kuboda imadzuka ili ku Malawi, masana n'kukulandirani ku Zambia mutakhala pampando womwewo. Chinthu chosadziwa dziko limene chili, chingadziwe bwanji nthawi? Mkangano umenewu unkachitika pafupifupi sabata iliyonse, ndipo ndikuganiza kuti onse awiri ankaukonda.

Mowa sanaulawepo. Iwo ndiwo ankatsogolera mapemphero a mphakati kumudzi kwawo. Ndipo anali ndi mphamvu za ng'ombe yapagoli. Chitunda cha pasukulu, chimene ife anyamata timatsika n'kukankha njinga, iwo ankachikwera ali pachishalo, akuimba nyimbo ya kwaya.

Tchuthi chachikulu chikafika ankamangirira zigubu ziwiri zopanda kanthu panjinga n'kutsazika kuti akupita kukaona alongo awo ku Chipata. Ankadzera njira zachidule za m'minda, monga achitira aliyense wa kuno. Pakatha masabata awiri ankabwerera atada bii, ataonda, zigubu zitadzaza uchi wakuda wonunkhira utsi. Anthu ankati alongo awowo amaweta njuchi. Mwana akamatsokomola pasukulu ankamuitana n'kumumwetsa supuni imodzi.

Ine ndili Fomu 2 ndinatsokomola masiku atatu otsatizana, mwaluso ndithu. Tsiku lachinayi anandiuza kuti chifuwa changa chikuchokera pakhosi pokha, ndipite m'kalasi. Ndiye ndinalowa m'kanyumba kosungira makasu, momwe ankabisa botolo. Anandipeza ndili m'kati, milomo ikunyezimira, njuchi ziwiri zikundizungulira.

"Kanyimbi," anatero, poti ndilo dzina limene anandipatsa, "ukudziwa kumene wachokera uchi umenewo?"

"Kwa alongo anu, agogo."

Anaseka mpaka kukhala pansi pa chitini cha penti. Anati alongo awo amakhala m'tauni, m'nyumba yoti ngakhale nkhuku ilibe poswera. Iwo amangopereka moni, kumwa madzi, n'kupitirira masiku ena awiri kutsetserekera kuchigwa, mpaka kulowa m'nkhalango ya nyama momwe munthu saloledwa. M'menemo ndi mmene muli mitengo yamphako yomwe anaidziwa kuyambira ali mnyamata. A gemu olondera nyamazo akakugwira, anatero, sakufunsa ngati ndiwe mkulu wa mpingo. Anandiuza za njovu zimene zimakudutsa uli m'mwamba mu mtengo, ndi za ntchentche za kumeneko, kashembe, zoluma kupyola jekete ngati singano yamoto.

"Iwe wabera ine, ine ndabera njovu," anatero. "Tonse ndife amodzi. Iwe utseke pakamwa, nanenso nditseka."

Tinagwirana chanza. Manja athu anamatirirana ndi uchi.

Chaka chotsatira anabwerako ndi chithupsa kumbuyo kwa khosi. Ndinachiona bwino chifukwa ndinkawamata kapepala pamsana. Chinali chachikulu, cholimba, chosaphulika, ndipo patapita masabata angapo chinaphwa chokha. Kenaka kunabwera kutentha thupi. Kuno kwathu thupi likatentha ndi malungo, palibe dzina lina. Anapita kuchipatala chaching'ono, anawabaya chala, malungo sanapezeke. Anamwabe mankhwala a malungo, monga timachitira tonse. Zinaleka. Patatha masabata awiri zinayambiranso. Anabwerera, anawabayanso chala, chimodzimodzi. Mwezi unatha, wina unatha, mvula inagwa, anthu anadzala, anapalira.

Pachitunda paja a Gelevazio anayamba kutsika n'kukankha njinga. Kenaka anayamba kuima pakati n'kutsamira chishalo. Kenaka njingayo inatsala kunyumba. Nkhope inafufuma, mapazi anatupa mpaka anachotsa zingwe za nsapato. Ndipo tulo tinafika. Ankagona masana dzuwa likuswa mtengo, chibawuti chili m'manja. Belu linayamba kuchedwa mphindi zisanu, mphindi khumi, zenizeni tsopano, ndipo ahedi akatuluka ndi foni yawo a Gelevazio ankangoti pepani, osatchulanso za Zambia.

Munthu wotupa nkhope ndi mapazi, wolankhula mokoka, wogona masana, kuno tili nalo dzina lake. Anthu anati kachasu. Anati akhala akumwa mobisa zaka zonsezi, tsopano waonekera. Ahedi anawalembera kalata yowachenjeza. Kumphakati anasankha wina wotsogolera mapemphero, mwakachetechete, osawauza. Akazi awo, a Nambewe, ankalumbira kuti bamboyu samwa, koma mawu a mkazi pa nkhani ya mowa ndani amawawerengera.

Kwa ife inali nyengo ya zokolola. Tinawaveka nkhata ya masamba. Tinawajambula ndevu za choko. Tsiku lina ndinawaika bilimankhwe pabondo. Anakwera pang'onopang'ono mpaka paphewa, anasintha mtundu kufanana ndi jekete, anayang'ana uku ndi uku, n'kutsikira mbali inayo. Munthu osagwedezeka. Tinaseka mpaka misozi. Palibe mmodzi wa ife anafunsa kuti ndi mowa wanji umene sununkha.

Lachitatu lija ndinapempha kupita kuchimbudzi kutatsala pang'ono kuti mayeso ayambe. Ndinawapeza atagona, mutu uli pachifuwa, mkono ukulendewera. Ndinagwada, ndinagwira mkonowo ndi dzanja lamanzere, ndi lamanja ndinakoka kachitsulo ka pambali pa wotchi n'kupukusa mpaka inaloza thu koloko, nthawi yoweruka. Pamene ndinkapukusa, chala changa chinali pamtsempha wawo. Unkagunda katatu mothamanga, kukhala zii, kugunda kamodzi, kenaka kunjenjemera ngati kambalame kogwidwa m'dzanja. Ndinamva, ndinadabwa pang'ono, ndipo ndinaiwala pomwepo poti ndinali pantchito. Ndinabisala kuseri kwa mtengo n'kuponya kamwala palimu.

Anadzidzimuka, anayang'ana wotchi, anadzuka ndi mantha a munthu amene ali ndi kalata ya chenjezo m'thumba, n'kuliza belu loweruka ndi mphamvu zawo zonse. Zitseko zinatseguka. Ana anakhuthukira panja ngati ngumbi. Ine kuseri kwa mtengo ndinali nditaluma malaya kuti ndisamveke.

Kenaka a Gelevazio anayang'ana pansi. Mthunzi wa m'bawa ankaudziwa kuposa wotchi, ndipo unali udakali pamene umakhala m'mawa. Anakuwa kuti bwererani, bwererani, n'kuyamba kuthamangira kugeti. Kuchokera pamtengo kufika pageti ndi ngati kuchoka pagolo kufika pakati pa bwalo la mpira. Sanafike ngakhale theka. Anagwada kaye, kenaka anagwa chammbali. Maso anali otsegula, milomo inatuwa, mpweya unkamveka ngati pampu yanjinga yong'ambika. Ahedi anafika akuthamanga, anawerama, ndipo ndinawaona akununkhiza pakamwa pawo. Anaweramuka nkhope itasintha. Anaimitsa pikapu yochokera kuboda. Ine ndinatola chibawuti n'kukwera kumbuyo, poti palibe anandiletsa.

Kuchipatala cha paboma tinapeza dokotala wachinyamata wa ku Rumphi. Anamvetsera pachifuwa nthawi yaitali, anadina phazi ndi chala, dzenje linatsala. A Nambewe anali atafika, akufotokoza za malungo osatha aja. Dokotalayo anafunsa za tulo, anapapasa m'khosi, kenaka anati:

"Madala, miyezi yapitayi munapitako kumene kuli nyama zakutchire?"

"Ayi," anatero a Gelevazio, mawu akutuluka limodzilimodzi. "Ku Chipata basi. Kwa mlongo wanga."

"Palibe chinakulumani? Ntchentche yaikulu?"

"Palibe."

A Nambewe anayang'ana pansi. Ahedi anali pomwepo. Ndinadziwa chimene madalawo ankaopa: a gemu, manyazi a kumpingo, mawu oti mtsogoleri wa mapemphero ndi wakuba wa m'nkhalango. Anali atalolera kutchedwa chidakwa miyezi yonseyi kusiyana ndi kutchedwa zimene analidi. Ine ndinali pakhomo, chibawuti m'manja.

"Adokotala, amapita kuchigwa kukafula uchi," ndinatero. "Kashembe amawaluma chaka chilichonse. Anali ndi chithupsa kumbuyo kwa khosi sukulu itangotsegulidwa."

A Gelevazio anatembenuza mutu pang'onopang'ono.

"Kanyimbi. Tinagwirana chanza."

Dokotala anati iye si wa gemu ndipo sanamve kalikonse za uchi. Anatenga magazi. Patapita nthawi anandiitana, poti ndinali nditamunamiza kuti ndine woyamba pa Bayoloje, n'kundilola kusuzumira m'makina ounikira. Pakati pa timadontho tofiira panali tinthu tatitali, toonda, tikupiringizika ngati tiana ta mlamba m'matope, tikukankha timadonthoto uku ndi uku. Tinali tambiri. Ndinachotsa diso msanga.

Anati ndi kaodzera. Anati kwawo, kufupi ndi nkhalango ya nyama, ngakhale mwana woweta ng'ombe akanatchula dzinali pa chithupsa pomwe paja. Koma kuno ku Mchinji kashembe sitimudziwa, ndiye palibe amaganizako, ndipo kubaya chala kuja kumangofufuza malungo okha. Tizilomboti timakhala m'magazi a nyama zakutchire, ntchentche imatitenga n'kutisiya mwa munthu. Thupi likangotizindikira n'kuyamba kutipha, ito timasintha chikopa, thupi n'kuyambiranso kutiphunzira. N'chifukwa chake kutentha kunkapita n'kubweranso. Pakapita miyezi timatuluka m'mitsempha n'kulowa m'mnofu. Tikafika ku ubongo, ndi tulo tija. Koma chimene chinamudetsa nkhawa chinali mtima.

Anandifunsa ngati kwathu timalima mtedza. Ndinati eya. Anati ndiganize mbuzi zitalowa m'munda wa mtedza, mudzi wonse n'kulowamo ndi ndodo kuzithamangitsa, osati tsiku limodzi koma miyezi isanu, mbuzi zikuzemba, anthu akupondaponda. Mtima ndi mnofu, anatero. Tizilombo talowa m'mnofumo, asilikali a thupi atitsatira momwemo, ndipo nkhondo ikuchitikira m'kati mwa chinthu chimene sichingaime kuti chipume. Mnofu umatupa, umafooka, pena pamatsala zipsera zosagwira ntchito. Madzi amasonkhana mozungulira. Timitsempha timene timauza mtima nthawi yogunda timaonongeka, ndiye umagunda mosokonekera. Ukalephera kukankha magazi bwino, madzi amatsalira m'mapazi ndi m'mapapo. Ndinakumbukira kambalame kaja pansi pa chala changa.

Mankhwala anachokera ku Lilongwe patapita masiku angapo, ndipo anagwira ntchito yake. Magazi anayera. Tulo tinachepa, nzeru zinabwerera, anayambanso kufunsa nthawi. Koma mapazi sanaphwe. Sankatha kugona chagada, ankangokhala atatsamira mapilo ndi zitenje zopindapinda za a Nambewe, akukoka mpweya ngati munthu wotunga madzi m'chitsime chakuya ndi chingwe chachifupi. Dokotala anati mbuzi zatuluka, koma mundawo ndi umene mukuuonawu.

Ndinamutsatira pakhonde n'kumufunsa zinthu ziwiri. Choyamba, ngati kuthamanga kuja ndi kumene kunawaononga. Anati ayi mphwanga, kuthamangako ndi kumene kunawabweretsa kuno, kupanda apo akanangotsirizika pampando paja. Chachiwiri, ndinafunsa kuti zikanatani wina akananena za kashembe nthawi ya chithupsa ija. Anati bwenzi pano ali panjinga yawo.

Ndiye onani mmene zilili. Zopusa zonse zimene ndinawachita, ndevu za choko, bilimankhwe, wotchi, palibe chinawapha. Chinthu chimodzi chokha chaulemu chimene ndinachitapo pamoyo wanga, kusunga mawu amene ndinapangana ndi munthu wamkulu, ndicho chinawadya mtima.

Masabata otsatira panalibe chochita. A kumphakati anabwera ndi nyimbo ndi nkhope zogwa. Ahedi anabwera ndi kalata yachenjezo ija, kope lotsala mu ofesi, n'kuing'amba pamaso pawo. A Gelevazio anangowafunsa ngati foni yawo yadziwa tsopano dziko limene ili, ndipo ahedi anatuluka mofulumira, mpango uli kumaso. A Nambewe ankawasisita mapazi, kuwatembenuza, kuwapatsa madzi pang'onopang'ono. Wina anabwera ndi botolo la uchi wawo womwe, umene unachiza zifuwa za sukulu yonse. Linakhala pakabati osatsegulidwa.

Ine ndinkapita Loweruka lililonse. Kawiri konse anatembenukira kukhoma. Kachitatu ndinakhala pansi pafupi ndi bedi mpaka anayamba okha kulankhula.

"Wotchi ija unaipotoza bwanji osandidzutsa?"

Ndinawagwira mkono n'kuwaonetsa. Anayamba kuseka, kusekako kunasanduka chifuwa, a Nambewe anandiyang'ana ndi diso loti ndituluke. Koma a Gelevazio anakweza dzanja.

"Unapukusira kutsogolo kapena kumbuyo?"

"Kutsogolo, agogo."

"Chabwino. Ukanabweza m'mbuyo ukanandiphera wotchi." Anapuma nthawi yaitali. "Aphunzitsi aja anachokadi?"

"Awiri. Wina anafika mpaka pamsewu."

Anatseka maso akumwetulira. Za chanza chija sanatchulenso, ndipo sananene kuti andikhululukira. Anamwalira Loweruka lotsatira masana, tsiku lopanda belu.

Maliro atatha ahedi anandiitana kutsogolo pa asembule. Sanafunse ngati ndinali ine, nanenso sindinawavutitse ndi kukana. Anati popeza ndimaikonda nthawi kwambiri, kuyambira tsiku limenelo belu ndiziliza ndine, phunziro lililonse, mvula kaya dzuwa, mpaka ndidzalembe mayeso a Fomu 4. Ndinati Madamu, mukudziwa kuti mwapatsa fisi khola? Anati akudziwa. Anandipatsa chibawuti chija pamaso pa onse, sukulu ikuyembekezera kuti ndilire. Ine ndinawerama ngati ndikulandira mphotho. Chilango chotuluka m'kalasi phunziro lisanathe, kasanu ndi kawiri patsiku, ndikanachipempha ndekha ndikanadziwa kuti chilipo.

Sindinalizepo nthawi isanakwane. Musati ndasintha, nthabwala yabwino siibwerezedwa. Kungoti m'mawa, ndikaona kamwana ka Fomu 1 kakuthamanga pakanjira kaja, chibawutichi chimavuta kupeza, thumba la yunifolomu yanga lang'ambika kale mbali imodzi.

Mpando uja udakali pansi pa m'bawa. Malegeni ayamba kuuma ndi kuduka, mwendo wothyoka uja wapendekera kunja, chiswe chayamba kukwera wakumbuyo. Patsogolo pake pali timaenje tiwiri pamene zidendene zawo zinakumba zaka zonse zija, mvula ikagwa mumaima madzi. Pathunthu la mtengo pali msomali wa jekete. Ana amakhala pamizu, pamiyala, pansi penipeni, koma pampandopo ayi, ngakhale palibe anawaletsa. Ine ndimadikira nthawi ndili chiimire pambali pake, ndikuyang'ana mthunzi.